Liwu Limene Linakwana M'timabokosi

Panali munthu wina ku Ndirande, dzina lake Makwinja. Ntchito yake inali yosanja zilembo pa kampani ina yosindikiza mabuku. Achinyamata simungaidziwe ntchito imeneyi, inapita ndi nthawi yake. Masiku amenewo kunalibe makompyuta. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo ka mtovu, ndipo munthu ankatola kamodzikamodzi n'kumandandalika mpaka mzere udzaze, mizere n'kukhala tsamba. Makwinja anaigwira ntchitoyi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Zala zake zinkawerenga zilembo maso asanaone. Mukamutchulira liwu la Chingerezi, musanatseke pakamwa iye wakuuzani kale kuti lili ndi zilembo zingati, n'kukuwonjezerani ena ofanana nalo msinkhu.

Koma tanthauzo la mawuwo, ayi, kumeneko musamufunse. Anasanja mabuku athunthu a Chingerezi osadziwa ngati akukamba za ulimi kapena za nkhondo. Ankati, "Ine ntchito yanga n'kusanja. Kumva n'kwa eni ake."

Mkazi wake anali Enelesi, ndipo Enelesi anali ndi mlongo wake, Likoswe, amene ankakhala ku Bangwe. Likoswe ankamasulira mawu kukhoti. Woweruza akalankhula Chingerezi, iye ankatembenuzira m'Chichewa. Mayi wa kumudzi akadandaula m'Chichewa, iye ankapereka dandaulolo m'Chingerezi. Ntchito imeneyo inamuphunzitsa kuchedwa pakamwa, chifukwa ankadziwa kuti liwu limodzi likapotoka, munthu wosalakwa akagona kundende. Ngakhale mutamufunsa ngati akufuna tiyi, ankayamba wapendeketsa mutu kuti amvetse kaye funso.

Wina wothamanga magazi, wina wofatsa mpaka kukwiyitsa. Chimene chinawamanga pamodzi anthu awiriwa chinali tsamba lomaliza la nyuzipepala ya Loweruka.

Patsamba limenelo pankakhala timabokosi, tina toyera tina takuda, ndipo m'munsi mwake mafunso a Chingerezi. Yankho la funso lililonse linali liwu limodzi, ndipo unkalilemba m'timabokosi toyera, kabokosi kamodzi chilembo chimodzi. Mawu ena ankayenda chopingasa, ena chotsika, ndipo pamene akumana ankabwerekana chilembo. Ukalondola liwu limodzi, linkakuthandiza kupeza anzake. Ukaphonya limodzi, linkasokoneza onse olidutsa. Enelesi, amene Chingerezi sankachidziwa ndipo sankachifuna n'komwe, ankangoti imeneyo ndi bawo ya azungu.

Loweruka lililonse masana Likoswe ankatsika basi, nyuzipepala ili m'khwapa, dikishonale ili m'manja. Dikishonaleyo anamupatsa ndi Makwinja. Anaipeza kuntchito itathothoka, anaisoka yekha, ndipo Enelesi anaiveka chikuto cha nsalu yotsala ku chitenje chake. Amuna awiriwo ankakhala pakhonde, katebulo kali pakati. Enelesi ankawaikira chinangwa chophika ndi tiyi, kenaka n'kuyala mkeka chapambali, lichero la nyemba lili pamiyendo, makutu ali kwa iwo.

Ndikuuzeni za Loweruka limodzi, kuti mumudziwe bwino Makwinja. Panali liwu la timabokosi tisanu. Zilembo zonse zinali zitapezeka kale, kupatula chachinayi. Makwinja anakhuthula mawu ngati mtedza m'thumba.

"Grade, grape, grace, grave, graze. Sankhanipo, alamu. Onsewa ndi msinkhu umodzi."

"Msinkhu umodzi, inde," anatero Likoswe, "koma si ana a munthu mmodzi. Grape ndi mphesa. Grave ndi manda. Graze ndi zija zimachita ng'ombe kudambo. Grace ndi chisomo, komanso ndi pemphero lija timanena chakudya chikafika. Tsono funso likuti chiyani?"

"Likukamba za kudya. Ndaonamo liwu la kudya ine."

Polankhula choncho n'kuti atalemba kale grape. Ndipo Makwinja sankalemba ndi pensulo. Ankati pensulo ndi ya ana asukulu ndi anthu okayika. Iye ankalemba ndi bolopeni, mokanikiza, moti liwu linkaonekera kuseri kwa pepala.

"Alamu," anatero Likoswe mofatsa, "funso likuti zimene munthu amanena asanadye. Mphesa amanena kapena amadya?"

"Lakwana kapena silinakwane?"

"Kukwana lakwana."

"Ndiye basi. Bolopeni sabwerera m'mbuyo."

Vuto linatulukira pa liwu lotsika, loyambira pa kabokosi komweko. Funso linkafuna ngolo, imene m'Chingerezi ndi cart. Koma chifukwa cha mphesa za Makwinja, panatuluka part, kutanthauza chigawo cha chinthu. Likoswe anamuonetsa ndi chala. Makwinja sanaphethire n'komwe.

"Nanga ngolo ilibe zigawo? Ili ndi mateyala, ili ndi matabwa. Lakwana ili."

Enelesi anaseka mpaka nyemba zinatayika pamkeka. "Achimwene, asiyeni bambo awa. Akati nkhuku iyi ndi tambala, ngakhale iikire dzira pamaso pawo, adzangoti atambala a masiku ano ndi otero."

Ankakangana choncho mpaka dzuwa kupendeka. Komabe chala chimodzi sichiswa nsabwe. Popanda Makwinja, Likoswe ankatha kukhala masana onse osakumbukira liwu la zilembo zisanu ndi chimodzi loyamba ndi chakuti. Popanda Likoswe, Makwinja ankadzaza timabokosi tonse ndi mawu osayankha funso ndi limodzi lomwe. Akagwirizana ankamaliza tsamba lonse, ndipo tsiku limenelo Likoswe ankaperekezedwa mpaka pokwerera basi ngati mkwati.

Amenewo anali masiku okoma, ndipo ndikamawakamba mtima umandiwawa pang'ono. Phiri la Ndirande linali likadali ndi mitengo. Madzulo kunkatsika kamphepo konunkhira bulugama. Anthu ochokera kuntchito ankadutsa pamsewu atanyamula nsapato m'manja kuopa fumbi, n'kumapereka moni kwa akuluakulu awiri olimbana ndi timabokosi. Palibe mwa atatuwo amene ankadziwa kuti zimenezi n'zakutha. Munthu akakhala pamthunzi saganiza za nkhwangwa.

Makompyuta anabwera, zilembo za mtovu zinagulitsidwa kwa osula, ndipo Makwinja anapuma pa ntchito. Likoswe nayenso anapuma. Kenaka Enelesi anadwala, matenda osakhalitsa, n'kutisiya.

Maliro atatha, akuchikazi anachita mwambo wawo wosudzula. Anamuuza Makwinja kuti tsopano ndi womasuka, alibenso mangawa ndi banja lawo. Anthu ankati chilamu chathera pamanda. Koma Loweruka lotsatira, nthawi yake yomweija, Likoswe anatsika basi, nyuzipepala ili m'khwapa. Tiyi anaphika Makwinja yekha, wosakoma, ndipo chinangwa chinali chosapsa pakati. Mkeka wa Enelesi unali wopindidwa pakona. Sanakambe za iye. Likoswe anangotsegula tsamba lomaliza n'kunena kuti, "Loyamba lili ndi timabokosi tinayi, alamu."

Kunena zoona, Makwinja analibenso wina. Mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Mzuzu. Anzake a kuntchito ena anabwerera kumudzi, ena anatsogola. Likoswe yekha ndiye anatsala womudziwa Enelesi kuyambira ali kamtsikana, ndipo akaseka, ankaseka ngati mlongo wake, kuyambira m'mapewa. Sabata yonse Makwinja ankangodikira Loweruka. Chilamu chimenechi ndicho chinali chuma chake chotsala, ngakhale sakanavomera pakamwa mutamufunsa.

Patapita zaka, zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, ngati chiswe m'denga. Loweruka lina Likoswe anakankhira nyuzipepala kwa mlamu wake.

"Lero werengani mafunso ndinu, alamu. Ine ndizingomvetsera."

Makwinja anawerenga, lilime likupunthwa pa mawu amene zala zake zinkawadziwa bwinobwino. Likoswe anakhala chotsamira, nkhope italoza kuphiri, n'kumamukonza katchulidwe. Sabata yotsatira anateronso. Makwinja anayamba kung'ung'udza mumtima kuti, kodi ine ndasanduka kalaliki wake?

Nthawi yomweyo mwana wamwamuna wa Likoswe anapeza ntchito yabwino. Anawatenga bambo ake ku Bangwe n'kukakhala nawo ku Namiwawa, m'nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Likoswe anasiya kukwera basi. Akabwera, ankabwera pa galimoto, mwana wake akumutsegulira chitseko, iye atavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo. Anayamba kudumpha masabata. Kenaka anasiyiratu kubwera. Makwinja ankaphikabe tiyi wa anthu awiri, n'kumwa yekha makapu onse.

Tsiku lina Makwinja anali ku Limbe, pafupi ndi msika. Magalimoto anali atathithikana, ndipo pakati pawo anaona galimoto ija. Mwana wa Likoswe anali pa chiwongolero, maso ali kutsogolo. Likoswe anali kumpando wa mbali ya Makwinja, galasi la zenera lili lotseka, nkhope italoza kwa iye ndendende. Mtima wa Makwinja unadumpha ndi chimwemwe. Anavula chipewa, anakweza dzanja, anamwetulira ndi mano onse amene anamutsalira. Likoswe sanagwedeze ngakhale mutu. Galimoto inasuntha n'kupita, Makwinja dzanja likadali m'mwamba.

Mayi wina wogulitsa nthochi pambali pake anaseka. "Pepani bambo. A m'galimoto saona oyenda pansi."

Tsiku limenelo Makwinja analemba liwu lake. Sanalilembe papepala, analilemba mumtima, ndipo analilemba ndi bolopeni. Liwulo linali lakuti kunyada. Mlamu wanga wayamba kunyada. Ndipo tinene chilungamo, liwulo linakwana. Munthu wongokhala chotsamira wina akumuwerengera, wa magalasi akuda, wa nyumba ya mpanda, wosayankha moni pamsewu, mungamutche chiyani? Inu amene mukumvetsera mwina mwaona kale liwu lina limene likanakwananso pamenepo. Makwinja sanalifune. Anali nalo kale lake.

Chotsatira mukuchidziwa, chifukwa mwamuona ndi ngolo ija. Chilichonse chodutsa pa liwu lakelo ankachipinda kuti chigwirizane nalo.

M'mawa wina kunabwera mpongozi wa Likoswe, mkazi wa mwana uja. Anali mayi waulemu. Anagwada pakhonde n'kutulutsa dikishonale ija m'chikwama.

"Apongozi akuti ndikupatseni bukuli, muzilisunga ndinu. Akutinso ndikuuzeni kuti..."

Makwinja anaona chikuto cha chitenje cha Enelesi, chitayera m'makona chifukwa chogwiragwira, ndipo mtima unamupsa. Kwa iye mphatso ikabwerera kwa mwini wake ndiye kuti ubale watha.

"Basi, ndamva. Kawauzeni kuti katundu wafika."

"Koma bambo, nkhani yake ndi yakuti..."

"Mwana wanga, galimoto ikukudikira. Fumbi la kuno lingakudetsere nsalu."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anamva mayiyo ataima kanthawi pakhonde, kenaka mapazi ake akupita. Dikishonale anaiponya pamwamba pa kabati. Analira tsiku limenelo, koma kulira kwa munthu wodziona kuti walakwiridwa, kumene sikufewetsa mtima.

Foni ikalira n'kuona kuti ndi mwana wa Likoswe, ankaitembenuza chafufumimba. Ankati akufuna kundipepesa ndi pakamwa pa mwana, ngati ine ndi wantchito wawo. Mkulu wina wa kumpingo anamuyamba tsiku lina potuluka m'tchalitchi kuti, "Kodi a Makwinja, za alamu anu zija mwamva?" Iye anamudula pakamwa. "Ndilibe mlamu ku nyumba za mipanda ine." Mkuluyo anangoona msana wa njira. Anthu anazolowera kuti dzina la Likoswe satchula pamaso pa Makwinja.

Nyuzipepala ya Loweruka ankagulabe. Ankakhala pakhonde yekha n'kudzaza timabokosi tonse, mwachangu, popanda womutsutsa. Tsamba linkadzaza tiyi asanazizire. Koma silinkakoma. Ankaliyang'ana lili lodzaza, osadziwa ngati muli liwu ndi limodzi lomwe lolondola, ndipo panalibe womufunsa kuti funso likuti chiyani. Anamusowa mlamu wake koopsa. Koma akangoti aganize zokwera minibasi ya ku Namiwawa, ankakumbukira dzanja lake lili m'mwamba ku Limbe ndi kuseka kwa mayi wa nthochi, ndipo ankakhalanso pansi. Mvula inabwera, inapita, inabweranso.

Ndiye kunagwa maliro ku Ndirande komweko. Anamwalira mayi wina wachikulire amene anakhala moyandikana ndi Enelesi zaka zambiri, ndipo ankadziwana ndi banja lonse. Makwinja anapita m'mawa n'kukhala pa benchi la amuna, pansi pa mtengo wa mango.

Dzuwa litakwera anaona galimoto ija ikuima kumsewu. Likoswe anatsika, magalasi akuda ali kumaso, mwana wake atamugwira pachigongono. Makwinja anati mumtima, taonani, mpaka pamaliro akuyenda ngati nduna. Mwanayo anawakhazika bambo ake pa benchi loyang'anizana ndi la Makwinja, n'kuthamangira kukathandiza anyamata a kumanda. Sanamuone Makwinja, amene anali atatsitsa chipewa kumaso. Mpata wa pakati pa akuluakulu awiriwo unali woti wina akatambasula mwendo akanamugunda mnzake.

Makwinja anakweza chipewa pang'ono n'kudikira. Anati, moni ayambe ndi iyeyo, wolakwa ndi iyeyo. Likoswe nkhope inali italoza kwa iye, ili phee. Amayi m'nyumba anamaliza nyimbo, anayamba ina. Moni sanabwere. Mkwiyo wa Makwinja unakula.

Kenaka Likoswe anatembenukira kwa bambo wina amene anakhala pambali pake.

"Pepani bambo, ndinu a konkuno?"

"Eya, ndine wa konkuno."

"A Makwinja, aja ankasanja zilembo, akadali m'dera lino? Abwera pamaliro pano?"

Bamboyo anayang'ana Makwinja, anayang'ananso Likoswe.

"Ngati alipo musawaitane," anapitiriza Likoswe motsitsa mawu. "Anandikwiyira, ndipo chifukwa chake sindikuchidziwa. Ine maso anatha, matenda a shuga anandidyera. Mungondiuza chabe, akuoneka bwanji? Ali ndi thupi? Chifukwa munthu ujatu kuphika satha, ndipo mlongo wanga anawasiya m'manja mwanga."

Makwinja anazizidwa thupi lonse, dzuwa likuswa mtengo. Zonse zija anaziona kachiwiri, nyuzipepala yokankhidwira kwa iye, magalasi, zenera la galimoto, mayi wogwada pakhonde. Palibe chimene chinasintha pa zinthuzo. Chinalakwika ndi liwu limene iye anazipatsa. Manyazi anamugwira, ndi chisoni, zonse nthawi imodzi.

Apa mvetserani bwino, chifukwa njira zinali ziwiri. Makwinja akanatha kunyamuka mwakachetechete n'kuzemba kuseri kwa nyumba. Wakhungu sakanadziwa. Akanapita kwawo ndi ulemu wake wonse, n'kudzabwera tsiku lina ndi nkhani yokonza bwino, yakuti ndinali kudwala, yakuti foni inawonongeka. Ndipo maganizo amenewo anamufikiradi, chifukwa munthu uyu chibadwire anali asananenepo kuti ndalakwa.

Anaimirira. Mawondo ake anali okalamba, koma anagwada pafumbi pamaso pa mlamu wake, amuna onse a pamaliro akuona. Anagwira dzanja la Likoswe ndi manja ake awiri.

"Alamu, ndine. Ndakhala ndili pompano nthawi yonseyi."

Likoswe anadzidzimuka. Dzanja lake linalo linafufuza m'malere, linapeza chipewa, linatsikira pamphumi, pamasaya, pachibwano. Linakhala pamenepo kanthawi.

"Mwaonda," anatero.

"Ndinalakwa, alamu. Ndinalakwa kwambiri. Ndinati mwayamba kunyada."

"Kunyada?" Likoswe anaseka pang'ono, koma misozi inatsika kunsi kwa magalasi. "Ine, munthu wochita kutsogoleredwa popita kuchimbudzi?"

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Poyamba ndinkachita manyazi. Munthu wodya za kuwerenga moyo wake wonse, kuti anene kuti zilembo zasanduka utsi, si chapafupi. Kumeneko ndinalakwa ine. Nditalimba mtima ndinatuma mpongozi wanga. Munamutsekera chitseko."

Makwinja anaweramitsa mutu.

"Nthawi imene ija ndinkaonabe pang'ono," anatero Likoswe. "Munthu akandiyandikira chonchi, nkhope ndinkaizindikira. Adokotala anandiuza kuti zimenezonso zitha. Ndiye Loweruka masana ndinkawauza ana kuti andiikire mpando pageti, kuti mwina mutulukira, ndikuoneni komaliza. Nkhope zimene ndinkafuna kupita nazo mumdima zinali zochepa, alamu. Yanu inali imodzi."

"Nanga tsopano?"

"Tsopano ndi mdima wokhawokha."

Makwinja anayandikizabe nkhope yake, pafupi kwambiri, mpaka mpweya wawo kukumana, ngati kuti mwina adokotala ananama. Likoswe anamva ndipo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Pamenepo Makwinja analira mokweza, ndipo obwera mochedwa ankaganiza kuti ndi mbale wa malemu.

Bokosi litatuluka m'nyumba, mwana wa Likoswe anabwera kudzawatenga bambo ake. Makwinja anati, "Asiye, mwana wanga. Ndiwagwira ine." Anayenda pambuyo pa anthu onse, akuluakulu awiri, wina atagwira chigongono cha mnzake. Njira ya kumanda inali ya miyala, ndipo Makwinja, amene moyo wake wonse ankathamanga, anayenda pang'onopang'ono.

"Apa pali ngalande, alamu. Kwezani mwendo."

Chilamu chinabwerera, ndipo anakhala nacho mpaka Mulungu atawalekanitsa. Koma chinthu chimodzi chimene Likoswe ankafuna, choona nkhope ya mlamu wake komaliza, chaching'ono, chongofuna minibasi ndi masana amodzi, Makwinja sanathenso kumupatsa.

Abale anga, fanizo langa lathera pamenepa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukumuseka Makwinja mumtima. Musafulumire. Aliyense wa ife ali ndi munthu amene anasiya kubwera, amene sanayankhe moni, amene sanaoneke pa ukwati wa mwana wathu. Ndipo tinamupezera kale liwu. Wina tinati ndi wonyada, wina wanjiru, wina woumira, wina tinati akazi ake amulowa m'mutu. Tikaliyeza liwulo limakwana, ndipo chifukwa lakwana timati ndi loona. Koma mawu okwana pamalo amodzi amakhala ambiri, ndipo loyankha funso limakhala limodzi. Wonyada ndi wodwala amadutsa mofanana pamsewu. Wokwiya ndi wamanyazi onse amakhala chete. Ndi maso okha simungawasiyanitse.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Makwinja phula lake anadya pamaliro, pamaso pa anthu, nthawi itatha kale. Inu musadikire maliro kuti akukhazikeni pa mabenchi oyang'anizana. Munthu amene mwamuganizira pamene ndimalankhula uja, ameneyo, nyamukani sabata ino mukagogode pakhomo pake. Mukamufunse kuti, "Kodi chavuta n'chiyani?" Ndipo akayamba kuyankha, mumusiye amalize.